Mphunzitsi wa zachuma walemba nkhani ya m'chaka cha 2071: abise dzina kapena ayi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Mufakose. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Akonzi, ndine mphunzitsi wa zachuma pa koleji ina m'tauni muno. Makolo anga anachokera ku Ntcheu. Ndinalemba mabuku awiri othandiza ana a Fomu 5 ndi 6 pa mayeso a ZIMSEC, ndipo akuyenda bwino ndithu. Koma kwa zaka zitatu tsopano, usiku ana akagona, ndakhala ndikulemba novelo m'Chingerezi. Ikuchitika mu Harare m'chaka cha 2071, ndalama zitatha mphamvu, anthu akulandira malipiro m'malita a madzi. Mayi wina wowerengera chuma ku ofesi ya madzi atulukira kuti madzi olembedwa m'mabuku ndi ochuluka kuposa amene ali m'damu, ndipo anthu ena ayamba kumusaka. Nditawauza amene amasindikiza mabuku anga anangoseka, amvekere mapanga awiri avumbwitsa. Mayi a kunyumba akuopa kuti mahedimasitala akamva kuti ndimalemba za maloboti adzasiya kugula mabuku anga. Ndiitulutse? Ndibise dzina? Ndatumiza machaputala atatu oyamba."

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, simunadwale ndipo si inu oyamba. Ndakhala ndikukonza mabuku muno mu Harare kwa zaka zoposa 25, theka la zakazo pa mabuku a sukulu, ndipo mwa olemba mabuku a silabasi amene ndagwira nawo ntchito, ambiri ali ndi kope lina m'sutikesi pansi pa bedi. Wina ndakatulo, wina nkhani ya chikondi, wina mbiri ya agogo ake amene anayenda wapansi kuchokera ku Nyasaland kudzafuna ntchito ku migodi. Inu mwangolimba mtima n'kulitulutsa m'sutikesimo.

Ngakhale pakati pa akatswiri a zachuma enieni, mtundu wanuwu ulipo. Yanis Varoufakis, amene anakhalako nduna ya zachuma ku Greece mu 2015, analemba buku lophunzitsira ongoyamba kumene mu 1998, ndipo mu 2020 anatulutsa nkhani yopeka, Another Now, ya dziko limene linapatuka pa lathuli pambuyo pa kugwa kwa mabanki mu 2008. Dzina ndi limodzi pa mabuku onse awiri. Aphunzitsi awiri a ku America, William Breit ndi Kenneth Elzinga, iwo anabisala. Anatenga mayina a akatswiri awiri akale, Alfred Marshall ndi William Stanley Jevons, n'kuumba wolemba wotchedwa Marshall Jevons, ndipo kuyambira 1978 anatulutsa nkhani za pulofesa wogwira zigawenga pogwiritsa ntchito nzeru za zachuma. Mapeto ake aphunzitsi anzawo anayamba kupatsa ophunzira mabukuwo kuti awerenge m'kalasi, kubisalako n'kungokhala nthabwala yodziwika kwa aliyense. Paul Krugman nayenso, zaka 30 asanalandire mphoto ya Nobel ya 2008, analemba pepala lowerengera chiwongoladzanja pa katundu woyenda pakati pa nyenyezi. Palibe anamulanda mphotoyo chifukwa cha zimenezo.

Koma ndikudziwa kuti Mayi a kunyumba sakuopa komiti ya Nobel, akuopa hedimasitala wa sukulu ya mishoni, ndiye tiyeni tikhale pomwepo. Buku la sukulu amalisankha ndi mkulu wa phunzirolo pa sukulupo, hedimasitala n'kusaina, komiti ya makolo n'kutulutsa ndalama. Ndakhalapo pa misonkhano yawo kambirimbiri. Amatsegula buku, silabasi ili pambali, n'kumayendetsa chala kuona ngati mitu yonse ilimo. Amafunsa ngati muli mafunso ofanana ndi a mayeso. Amafunsa mtengo, amapinda chikuto kuona ngati chipirire matemu atatu m'chikwama cha mwana. Sindinamvepo wina akufunsa kuti wolembayu amatani usiku. Pamene pangabuke vuto ndi pa zimene zili m'noveloyo. Ngati muli zakuchipinda zolembedwa mosabisa mawu, kapena ngati wolamulira woipa wa m'nkhaniyo akufanana kwambiri ndi munthu amene aliyense angamuloze chala, pamenepo hedimasitala wamantha angathe kudzitchinjiriza posiya mabuku anu onse. Maloboti okha sangakuchotsereni kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Za dzina ndiye ndinganene izi. Kubisala kotheratu muno mu Harare n'kovuta kuposa mmene mukuganizira. Buku lotuluka kumene limafuna mwini wake aime pagulu, alankhule pa wailesi, alinyamule m'chikwama kupita nalo kumene kuli anthu. Mukabisala, adzachita zimenezi ndani? Ndipo tauni ino ndi yaing'ono, ife a Chichewa ndiye tikuchepa kuposa pamenepo. Maliro amodzi ku Mufakose, wina n'kunong'oneza mnzake pa mzere wosamba m'manja, pofika Lamlungu mpingo wonse wadziwa. Chimene ndimalangiza anthu ngati inu ndi kusiyanitsa dzina popanda kulibisa. Pa mabuku a sukulu siyani mmene lilili, ndi madigiri anu omwe. Pa novelo ikani zilembo zoyamba ndi dzina la bambo anu, madigiri achoke. Tendai Huchu, amene anatchuka ndi The Hairdresser of Harare mu 2010, amasaina T. L. Huchu pa mabuku ake a zamizimu ndi zam'tsogolo. Palibe chinsinsi pamenepo, ndi chikwangwani chabe chouza wogula kuti khomo ili ndi la chipinda china. Kholo lofuna buku la mayeso silisokera, wowerenga nkhani sathawa poganiza kuti mumupatsa homuweki.

Mukasankhabe dzina lopeka, kontrakiti ikhale m'dzina lanu la pa chitupa ndipo itchule dzina lopekalo momveka, kuti ndalama ndi umwini zisadzasowe kolowera. Lamulo la umwini wa zolemba la dziko lino limateteza buku moyo wonse wa wolemba ndi zaka zina 50 atamwalira. Ana anu adzafunika pepala losonyeza kuti munthu wa pachikutoyo ndi bambo awo.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kuyankha kalata yanu motalika chonchi, chifukwa dzina si limene lingakugwetseni.

Chaputala choyamba ndinachiwerengera mu kombi yochokera pa renki ya Fourth Street kupita kwathu ku Mabvuku, ndipo hwindi anachita kundigwedeza phewa kawiri kuti ndilipire. Pali malo aja mayi akukalipira fizi ya mwana ndi zigubu ziwiri pa wilibala. Kalaliki wa sukulu atsegula chigubu, anunkhiza, aviika kamtengo, alawa kadontho pa lilime, kenako akuti chigubu chimodzi ndi madzi a pachitsime, achilandira pa theka la mtengo. Mayiyo sakutsutsa, chifukwa akudziwa kuti madzi abwino wawabisa kunyumba pansi pa bedi. Pamenepo, Aphunzitsi, mwaphunzitsa lamulo la Gresham lonse, lakuti ndalama yoipa imathamangitsa yabwino pa msika, osalitchula ngakhale kamodzi. Ndinamva nsanje.

Chaputala chachiwiri ndinachiyamba nditadya nsima, ndipo ndinadzuka mapepala ali pachifuwa. Mayi wowerengera chuma uja akuthamangitsidwa, wabisala m'chipinda cha mapampu, anthu okhala ndi matochi ali panja. Ndiye mlonda wokalamba amukhazika pansi n'kuyamba kumufotokozera mbiri ya ndalama, kuyambira pa kusinthana mbuzi ndi mapira. Masamba asanu ndi anayi! Ntchito za ndalama zonse zilimo, mwa ndondomeko yake ya m'kalasi: kugulira zinthu, kusungira chuma, kuyezera mtengo. Ndinachita kuona choko m'manja mwa mlondayo. Anthu a matochi aja anadikira panja mwaulemu mpaka phunziro litatha.

Matendawa ndimawadziwa, ndipo si aulesi kapena kusadziwa kulemba. Amachokera pa ukatswiri wanu womwewo. Wolemba buku la sukulu anaphunzira kuopa mpata. Akasiya kanthu osakafotokoza, mwana wina ku Gokwe amene alibe mphunzitsi wa phunzirolo adzalephera funso. Choncho mumanena chinthu, n'kupereka chitsanzo, n'kuchibwereza pa mapeto. Dzanja limenelo lakudyetsani zaka zonsezi. Nkhani yosagonetsa tulo imayenda ndi mpata womwe mumauopawo: wowerenga amatsegula tsamba lotsatira chifukwa pali chimene simunamuuze. Mukamuuza zonse pa tsamba 31, pa tsamba 32 akafunako chiyani?

Komanso taganizirani amene mukumulembera. Munthu wa mu Harare safunika mlonda womufotokozera mmene ndalama imafera. Anagona pa mzere wa ku banki mu 2008 kudikira ndalama yosakwana kombi yobwerera kunyumba. Anagwira m'manja pepala la madola 100 thililiyoni kumayambiriro kwa 2009. Anaona ndalama zatsopano zikubwera motsatizana: ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ZiG mu April 2024. Agogo ogulitsa tomato ku Mbare Musika amasintha mitengo m'mutu mwa ndalama ziwiri kapena zitatu mofulumira kuposa ophunzira anu a Fomu 6. Wowerenga wotere mukamuonetsa kalaliki akulawa madzi a fizi, amaseka mowawidwa mtima, chifukwa wazindikira. Mukamukhazika pa benchi kumuphunzitsa, amanyansidwa.

Sindikunena kuti mubise zimene mukudziwa. Zilowe m'mafupa a nkhaniyo, pakamwa pa anthu ake zichokepo. Ndipo pano ndikufuna ndikufunseni mafunso a mphunzitsi mnzanu, chifukwa dziko lanu la 2071 lili ndi mabowo amene katswiri wa zachuma sayenera kuwasiya. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Munthu wogula nyumba adzanyamula bwanji malipiro ake? Sadzanyamula. Adzasiya madziwo kwa wosunga n'kumayenda ndi kapepala, kapena nambala pa foni. Mukudziwa bwino kuposa ine kuti osula golide a ku London m'zaka za m'ma 1600 anayamba chomwecho: amasunga golide wa anthu, n'kumapereka malisiti, kenako anazindikira kuti eni ake sabwera onse tsiku limodzi, nayamba kulemba malisiti oposa golide amene anali m'bokosi. Chinyengo chimene mayi wanu watulukira ndi chomwechi. Ndiye funso lokoma ndi lakuti, kodi n'chinyengodi, kapena ndi mmene banki iliyonse imayendera? Woipa wa m'nkhani yanu atamuyang'ana mayiyo m'maso n'kumuuza kuti "ukaulula, mawa mzinda wonse ubwera ndi zigubu ndipo ana adzapondana pa geti," mayiyo ayankha chiyani? Apo ndiye pali novelo. Mzere umodzi umenewo ukugwira ntchito ya masamba asanu ndi anayi a mlonda uja.

Bowo lina ndi mvula. M'dziko limene madzi ndi ndalama, November akafika ndalama zimagwa kuchokera kumwamba. Aliyense wokhala ndi denga la malata ndi diramu wasanduka Reserve Bank. Mitengo ya zinthu mu January idzakhala yotani poyerekeza ndi ya mu September? Ngongole yotengedwa m'chilimwe n'kubwezedwa m'dzinja, wapindula ndani? Boma lanu la 2071 liyenera kuti linaletsa kutchera madzi a mvula, ndipo pali apolisi oyendera madenga. Amene ali ndi mijigo m'mipanda yawo ku Borrowdale, dera la olemera, ndiye ali ndi makina osindikizira ndalama kuseri kwa nyumba. M'machaputala atatu amene mwanditumizira mvula sinagwe ngakhale kamodzi, ndipo palibe waitchula. Wolemba wina ndikanamukhululukira. Inu ayi.

Za ndalama zenizeni, za lero, ndisakunamizeni. Buku la sukulu ndilo limagula ufa. Novelo muno kawirikawiri imangobweza zimene munawononga, ikabweza n'komwe. Amene amakusindikizirani aja pokuseka sanalakwe kwenikweni, ananena za bizinesi yawo. Ogulitsa awo amayenda m'masukulu ndi mndandanda wa mabuku a silabasi, sadziwa kumene wogula novelo amapezeka, ndipo iwonso akulimbana ndi mafotokope a mabuku awo omwe akugulitsidwa pa mtengo wozizira m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Mwambi wa mapanga awiri uli ndi choonadi pamalo amodzi: nthawi. Maphunziro anasintha mu 2017, asinthanso mu 2024, ndipo nthawi iliyonse akasintha, wolemba amene wachedwa kukonzanso buku lake amapeza mnzake walowa kale m'masukulu. Sukulu ikagula mabuku a kalasi yonse sigulanso msanga. Choncho osindikiza akakuitanani kuti buku likonzedwenso, novelo ibwerere m'sutikesi mpaka ntchitoyo ithe. Siithawa.

Musanapite nayo kwina kulikonse, tulutsani makontrakiti a mabuku awiri aja muwawerengenso. Ambiri amakhala ndi ndime yakuti buku lanu lotsatira muyenera kuyamba mwaonetsa iwowo, ndipo ena salemba kuti buku lake la mtundu wanji. Ndinaonapo mayi wina wolemba mabuku a sayansi ya ku pulayimale atapeza womusindikizira nkhani zake za ana, zonse zitakonzeka, kampani yake yakale n'kutulutsa ndime imeneyo. Sinkafuna n'komwe kusindikiza nkhanizo, koma inatenga chaka chathunthu isanayankhe, mwayi uja n'kupita. Inuyo kuseka kuja musakutenge ngati yankho. Alembereni kalata, akuyankheni polemba kuti noveloyo sakuifuna, musunge pepalalo. Onaninso kontrakiti yanu ya ntchito ku koleji, ndipo ngati mwakhala mukulembera pa laputopu ya kuntchito, lekani lero, musamutsire zonse pa yanu.

Apa ndi pamene ndinganene kuti mufune loya, wodziwa za umwini wa zolemba, ngati ndimeyo simukuimvetsa kapena osindikiza akukana kukumasulani. Mudzamufunenso buku likatha, lisanapite ku makina, kuti awerenge malo onse okhudza ofesi ya madzi. Mavuto a madzi mu Harare si nthano, anthu a ku Mabvuku tikudziwa mmene mpopi wouma umalirira, ndipo nkhani yonena za akuluakulu oba madzi anthu adzaiwerenga ndi maso a lero ngakhale mutalemba 2071 pa tsamba lililonse. Nyanja ya Chivero, kumene kumachokera madzi a mu Harare, itchuleni, ndi malo, sikusumirani. Koma ofesiyo ipatseni dzina lopeka, ndipo pasakhale munthu wa m'nkhani amene udindo wake, kwawo ndi kayankhulidwe kake zikuloza munthu wamoyo.

Njira yotulutsira ndiidutsa mwachangu, chifukwa simunafikepo. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kudula chaputala choyamba chija kuti chiime pachokha ngati nkhani yaifupi, n'kuchitumiza ku magazini a nkhani zoterezi, monga Omenana ya ku Nigeria imene imatuluka pa intaneti. Mukatero mudzadziwa ngati anthu osakudziwani akuikonda, ndipo dzina latsopanolo lidzayamba kumveka kwa anthu amene amavotera mphoto za Nommo, zoperekedwa kwa olemba nkhani zoterezi a mu Africa. Mukadzasankha kudzisindikizira nokha, nambala yozindikiritsa buku, ya ISBN, imatengedwa ku National Archives, ndipo musindikize makope ochepa kaye. Ndaona magaraja ambiri odzaza makatoni a mabuku odyedwa ndi chiswe. Koma mkonzi musamuthawe, ndipo akhale wa nkhani zopeka. Aphunzitsi anzanu a mu stafu rumu adzakukonzerani galamala n'kukuyamikirani kuti mlonda uja wafotokoza bwino. Mupatseni m'malo mwake mwana wa mlongo wanu amene amaonera mafilimu pa foni mpaka usiku, mumuuze aike chizindikiro paliponse pamene anaima kuti aone WhatsApp.

Kanthu kena kakundikhudza ine ndekha, mukhoza kukanyalanyaza. M'chaputala chachitatu mayi uja akupita kwa amayi ake ku Mufakose, ndipo awiriwo akulankhulana Chichewa mizere inayi. Mizere imeneyo ndi yamoyo kuposa ina yonse. Masimba Musodza analemba novelo ya zasayansi m'Chishona, ku Malawi Shadreck Chikoti analemba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino a 2013. Sindikukuuzani kuti mutembenuze buku lonse, msika wake muno ndi wochepa ndipo ndingakhale ndikukunamizani. Ndikungoti amayi akewo musawatsekere pakamwa. Zidzukulu za anthu amene kwa zaka zambiri ankatchedwa alendo m'dziko limene anabadwira zikudziwa kanthu za kukhala ndi dzina m'kaundula kapena kusowamo, ndipo nkhani yanu yonse ndi ya kaundula wonama.

Mayi a kunyumba muwawerengere chaputala choyamba mokweza, cha zigubu za fizi chija, musawafotokozere kalikonse. Kenako mukhale pansi ndi chaputala chachiwiri. Mlonda asapitirire theka la tsamba, ndipo anthu a matochi agogode chitseko iye ali pakati pa chiganizo. Mukamaliza munditumizirenso, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza zimene zikuchitika mu Mufakose wa 2071 tsiku limene mvula yoyamba yagwa.